Chilombo cha mufilimu ya amuna anga chikuyenda ngati ine

Aphungu,

Ndine namwino, ndipo amuna anga amajambula makatuni. Masana amalemba zikwangwani za masitolo, koma mtima wawo uli pa filimu yomwe akhala akuipanga pakompyuta kuyambira mwana wathu asanayambe sukulu. Kompyutayo inalanda tebulo lodyera, moti ife mbale timaika pamiyendo. Tsopano filimu yatha. Ikaonetsedwa muholo mwezi wamawa, ndipo aitana abale, anzanga a kuchipatala ndi aliyense amene anawayankhapo moni.

Sabata yatha anatikhazika pansi, ine ndi mlamu wanga, mchemwali wawo, kuti tiionere. Anati kwa ine akufuna chilungamo, osati chifundo.

Nkhani yake ndi ya mnyamata amene akupita kukafunafuna mtsinje womwe wabedwa. Zokongola zilimo, ndisaname. Madzi akunyezimira mpaka munthu kumva ludzu, muli nsomba zouluka ngati makaiti, komanso phiri lomwe limayasamula. Koma mnyamatayo ndi wozizira ngati tiyi wadzulo. Akamenyedwa nkhope yomweyo, akapambana nkhope yomweyo. Mwana wamkazi wa mfumu amene akuyenda naye ntchito yake ndi kuphethira basi. Pakati pali nyimbo yaitali moti ndinatuluka kukaanula zovala, pobwera ndinaipeza ikadalipo.

Ndiye pamlatho pakutulukira chilombo cha manja anayi. Aphungu, chilombocho ndine. Chimatsitsa magalasi pamphuno, manja awiri m'chiuno, enawo chikuloza. Chisanadye munthu chimamufunsa kuti, “Mwasamba m'manja?” Mlamu wanga anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi, n'kunena kuti, “Achimwene, apa ndiye mwajambula chithunzi cha pachitupa.” Mawu a chilombocho ndi a munthu wina, koma kayendedwe ndi kanga. Amuna anga sanakane. Akuti wojambula katuni amayamba waonera munthu weniweni, ndipo iwo ankaonera ine ndikamakalipa.

Zimenezo ndikanaseka nawo. Chandibaya ndi ichi: anthu akawoloka, chilombocho chimakhala pansi chokhachokha, n'kuvula nsapato, n'kumasisita phazi lamanzere chitatsinzina. Ndi zomwe ndimachita kuchipinda ndikaweruka, chifukwa phazi limeneli limandivuta ndipo kuntchito sindinauzepo munthu. Pamenepo ngakhale mlamu anasiya kuseka.

Choipa n'chakuti chilombocho ndicho chokha chamoyo mufilimu yonse. Amuna anga akudikira yankho. Ndiwauze kuti achichotse? Ndikachisiya, kuwodi ndisanduka Manja Anayi mpaka ndidzapume pantchito.

N.K., kuseri kwa siteji ya basi

Mayi N.K.,

Pepani, ndaseka. Koma ndaseka mwaulemu.

Mwabweretsa milandu iwiri m'thumba limodzi, wa filimu ndi wa phazi. Musaiweruze tsiku limodzi. Mwamuna akamva zonse pamodzi amangomva kuti mkazi wakwiya, n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Yambani ndi filimu. Mwaiweruza bwino kuposa ena a ife amene tinakalambira ku yunivesite tikuphunzira kunena kuti “muli uthenga wozama” pamene theka lake tinagona. Auzeni monga mwandiuzira ine, koma yambirani kumadzi ndi nsomba, munthu akhute kaye. Kenako nyimbo: aidulire pomwe munanyamukira kupita kuchingwe. Mnyamata uja asamuwonjezere lupanga. Amupatse chinthu choti aziopa, nkhope idzasuntha yokha. Mwana wa mfumu apatsidwe ntchito, apo ayi atsale kwawo.

Chomwe chapha awiriwa n'chosabisika. Bambowo anawatola m'mafilimu a anzawo, pomwe chilombo anachipeza pakhomo. Munthu amajambula bwino chimene wachiyang'anitsitsa, ndipo zikuoneka kuti zaka zonsezi akhala akuyang'ana inu. Kuno amandilembera amayi amene anameta mpala, mwamuna n'kuzindikira tsitsi litameranso.

Koma zimenezi siziwapulumutsa amuna anuwo. Magalasi, chiuno ndi funso la m'manja ndi za poyera. Anzanu a kuwodi amakutsanzirani kale mukangotuluka, kungoti alibe kompyuta. Phazi ndi la kuchipinda. Bambowo analiona ngati amuna anu, n'kulitulutsa panja ngati wojambula, osapempha. Tsiku lina, mlamu kulibe, kompyuta itazimitsidwa, auzeni zimenezi mosapita m'mbali. Musawafunse ngati amakuonani ngati chilombo. Funso limenelo lilibe yankho lomwe mwamuna angatuluke nalo wamoyo. Afunseni kuti phazi analiikiramonji. Sindikhulupirira kuti ankafuna anthu aseke, poti mlamu wanu, yemwe amaseka madzi ali m'kamwa, anakhala chete.

Mukamva yankho, chigamulo n'chanu, ndipo iwo achilandire osadandaula za luso. Mutha kulisiya phazilo momwemo. Mutha kulamula kuti chilombo chizisisita dzanja limodzi mwa anayi aja, kutopa kuonekebe koma matenda atsale anu. Kujambulanso kachigawo kamodzi si maliro, mwezi ulipo. Ndipo phazilo kalionetseni kwa dokotala. Mumadutsa pakhomo pake tsiku ndi tsiku, mayi namwino.

Za dzina, ngati likubwera libwera. Kafikeni kuholo msanga, mukhale kutsogolo, muyambe ndinu kuseka. Dzina lachipongwe limakakamira amene akulithawa.

Chokhacho musachite ndi kuwauza kuti achotse chilombo chonse. Achichotsadi, chifukwa amakukondani komanso amakuopani pang'ono. Anthu adzawomba m'manja mwaulemu, n'kutuluka akukambirana za fumbi la pamsewu. Bambowo sadzakuimbani mlandu. Adzangophunzira kuti kukuyang'anitsitsani kumabweretsa mavuto, ndipo adzasiya.

Aphungu