Foni Yodzaza Masaya

Achemwali a Mwanahalima,

Salaam aleikum. Kuno ku Durban ndadzuka ndithu, kaya inu ndi amayi ku Chiako? Kalatayi ndapatsira a Rashid oyendetsa basi aja, poti foni yanga inafa, ndipo yatsopano sindinayambe kuigwiritsa ntchito.

Masiku ano sindikupita kuntchito, adokotala akuti ndipume kaye. Ndiye ndimangozungulira m'mashopu kuyerekeza mafoni. Ogulitsa amatamanda batire ndi kukula kwa sikirini, koma ine ndimangotsegula kamera n'kudziyang'ana. Ina imaonetsa chilichonse, ngakhale mafupa a m'khosi. Imeneyo ndinaibweza msanga. Ina imawalitsa nkhope ngati munthu wangovuuka m'madzi. Nditaigwira ndinaiwala kuti ndili m'shopu. Ndinadziona ndikupalasa bwato la malemu bambo, mpunga ukugwedezeka ndi mwera kumtunda, mikono yanga ili yamphamvu ngati kale. Wogulitsa anachita kundigwira paphewa.

Ndagula yomweyo, imadzaza masaya.

Pa Idi ndidzakuimbirani foni ya vidiyo, Insha Allah. Amayi mudzawakhazike pamthunzi wa mango, foniyo mudzagwire inuyo, chapatali pang'ono. Ndikadzayamba kutsokomola, mudzangoti netiweki yavuta, n'kudula.

Ndine mlongo wanu,
Latifu