Chiliza Chanu Pakati pa Bwalo la Gofu

Amayi anga, mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ndine Edina, mwana wanu wolongolola uja. Kuno ku Torwood tikudzuka, kungoti mawondo ayamba kundikumbutsa kuti nanenso ndine gogo tsopano. Inde, mwamva bwino. Tendai wanga, amene munamusiya mano akutsogolo atangothothoka, wabereka mwana wamkazi mwezi wathawu. Tamutcha dzina lanu, Elube. Apongozi ake Achishona aja akuti "Erube", ndipo ndatopa nako kuwakonza. Mwanayo watenga chipumi chanu chenicheni, ndipo akamalira amakwinya nkhope monga munkachitira inu mchere ukachepa m'ndiwo. Nditamulandira koyamba m'manja ndinatembenuka kuti ndikuonetseni. Ndinaiwala, Amayi. Zaka zonsezi zapita, koma ndinaiwala ndithu, moti ndinalira pamaso pa anamwino.

Mchimwene wanga Yohane akadali ku Gokwe ndi thonje lake. Chaka chino mbozi zamudyera munda mbali yonse ya kumunsi, ndiye akuti chaka chamawa abzala mtedza. Ananenanso zomwezo chaka chatha. Ana ake akula, koma Chichewa alibe m'kamwa. Ukawapatsa moni amangomwetulira n'kuyang'ana bambo awo. Ababa ndikukhala nawo kuno chitsekereni nyumba za kukomboni. Chifuwa cha fumbi la mumgodi chija sichinawasiye, maso nawonso achita mdima, koma pakamwa mpabwinobwino. Akadali kundiuza kuti tiyi wanga sakufika pa wanu.

Si za khanda zokha zimene ndakhalira pansi. Pali nkhani ya malo amene mwagonawo, ndipo yandisowetsa mtendere chilimwe chonse chino.

Mukukumbukira bwalo la gofu la mabwana a mgodi, lija munkatiletsa kudutsamo popita kunkhuni? Pamene tinkakuikani, chaka chija m'masitolo munalibe ngakhale sopo, bwalolo linali litasanduka tchire, ng'ombe zikudyamo. Manda athu a kukomboni anali kuseri kwake, m'kankhalango ka mikuyu m'mbali mwa khwawa. Tsopano mgodi anautenga eni ena. Bwalo analidzutsa, n'kulikuza, mpaka udzu wawo wazungulira mikuyu yonse. Muli pakati penipeni, Amayi. Inu amene munkalawirira kukaima pamzere wa mpopi umodzi ndi komboni yonse, lero akukuthirirani madzi m'mawa ndi madzulo, ngakhale mwezi wa Okutobala.

Kuti ndikuoneni ndimayamba ndapempha kwa mlonda pageti, kenako n'kudikira osewera adutse ndi ndodo zawo. Ndikafika ndimapeza timipira toyera pamtumbira panu. Ndimaseka ndekha. Si inu kodi munkalanda mpira wa ana a eni ukagwera m'dimba mwanu, n'kuubisa mpaka mayi wake abwere kudzapepesa? Ndimatola timipirato n'kutiika m'thumba, sindibweza. Ndikudziwa kuti mukadatero inunso.

Mwezi wa Juni a kalabu anaitanitsa mabanja onse amene ali ndi abale m'mikuyumo. Mkulu wawo analankhula mwaulemu, sindingamunamizire. Anati manda amene ali ndi chiliza awatchingira ndi mpanda, aikapo kageti, ndipo tizibwera Lolemba lililonse, tsiku limene sasewera. Koma mitumbira ya dothi lokha madzi akuikokolola, makina otchetchera udzu sakuiona, mitanda yamatabwa chiswe chinadya kale. Imeneyo, ngati eni ake samanga mvula isanagwe, adzafukula n'kukaika ku manda a khonsolo ku Kwekwe, pamzere umodzi, pakati pa anthu osawadziwa. Wanu ndi umodzi mwa imeneyo.

Inu mukudziwa chifukwa chake mulibe chiliza. Si umphawi ayi, pakuti ine ndi Yohane tinafuna kumanga kalekale. Ndi Ababa. Nditawafotokozera za msonkhano uja anamenya ndodo pansi.

"Aikona! Simenti pamwamba pa aNabanda? Ndinawalonjeza ali moyo, ndinawalonjezanso ali m'bokosi, kuti agone pang'ono, ndidzawatenga tipite kwathu ku Dedza. Mukathira simenti ndidzawatulutsa bwanji?"

Ndinati, "Ababa, mudzawatenga liti? Inuyo kufika pageti pokhapa mumapumira kawiri."

Anati, "Iwe unabadwira muno, sungamve."

Zinandipweteka, chifukwa n'zoona. Koma nanunso, Amayi, musaseke kumeneko, mlandu uwu ndi wa nonse awiri. Moyo wanu wonse munakhala ngati munthu wodikira basi. Ndikukumbukira tsiku limene Ababa anafuna kugula kabati ya magalasi kwa mzungu amene ankasamuka. Munakana, munati, "Musagule zolemera, tidzanyamula bwanji popita kumudzi?" Munanenanso zomwezo pa bedi lachitsulo, pa sitovu, ngakhale pa mtondo waukulu. Tinakula tikudyera pa thiranki, zovala zabwino zili m'kati mwake, zopindidwa, kudikira ulendo. Mango okha ndi amene munabzala, ndipo pobzalapo munati ndi a anthu odzabwera pambuyo pathu. Mwadya mango amenewo zaka zingati, Amayi?

Yohane anandiimbira foni. Anati, akusakaniza ndi Chishona, "Sisi, ingomangani chete. Mudhara wathu, Ababa, sayenda, handiti? Adziwa bwanji?" Ndinamukalipira. Munthu wamkulu chonchija akandifunsa ndiziti chiyani, ndikuwapatsira madzi osamba m'mawa uliwonse? Komanso ndinkaopa, ndisakubisireni. Ndinkaona anyamata aganyu ndi mafosholo awo akukutolani ngati katundu, akuseka nkhani zawo, inu n'kukagona kumene ngakhale dzina lanu sadziwa kulitchula. Mitambo itayamba kusonkhana kum'mawa ndinkangoyang'ana kumwamba mtima uli m'mwamba.

Ndinasiya kukangana ndi Ababa. Ndinangoti, "Tiyeni mukawauze nokha Amayi kuti akubwera kudzawafukula." Lolemba lake ndinawapeza atavala kale jekete la kutchalitchi, atapukuta nsapato.

Tinakwera kombi mpaka pamphambano, kotsalako tinayenda pang'onopang'ono. Titalowa pageti anaima pa udzu uja, n'kuugogoda ndi ndodo. Anati, "Pamwamba pano sindinapondepo chibadwire. Koma pansi pake ndikupadziwa, ndi pamene ndinasiya mapapo anga." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo tinadikira mpaka chitawaleka.

M'mikuyu muja tinapeza zasintha. Mabanja ena anali atamanga kale, simenti yatsopano mbee uku ndi uku. Ababa poti saona bwino anandiuza kuti ndiziwawerengera mayina. Ndinayamba ndi chiliza cha kumanja kwanu. Ndi aNajere, Amayi, anzanu aja munkayambana nawo chifukwa cha nkhuku Loweruka, Lamulungu n'kukaimba limodzi nyimbo imodzi m'buku limodzi. Ababa anati, "Ehe, awo ali pompano?" Kumiyendo kwanu kuli aMbewe osoka zovala, amene anakusokerani diresi la ubatizo wa Yohane mkono wina wautali. Kutsogolo pang'ono kuli aNasiketi, azamba amene anandilandira ine. Dzina lililonse limene ndinkawerenga, Ababa ankayankha. Uyu tinkatsika naye mumgodi pa chikepe chimodzi. Uyu anachokera ku Ntcheu wapansi. Uyu mkazi wake ankaphika thobwa lowawasa. Ankalankhula ngati akuyenda m'komboni madzulo, akupereka moni khomo ndi khomo.

Kenako anakhala pa muzu wa mkuyu, moyang'anana ndi mtumbira wanu. Unali utaphwa, Amayi, utatsala pang'ono kufanana ndi nthaka. Anakhala nthawi yaitali, ine ndikuzula tiudzu. Ndiye anandifunsa, "Edina, kumudzi kwa Mtambalika watsala ndani wodziwa dzina la amayi ako?"

Azakhali anu anamwalira ndisanakwatiwe, ndipo chichokereni iwo palibe amene anatitumizirako ngakhale moni.

Anati, "Ndikawapititsa kumeneko akakhala mlendo. Akacheza ndi ndani? Anzawo onse ali pano."

Anagwada. Ndinafuna kuwagwira, anandikankha dzanja. Anavula chipewa n'kulankhula nanu motsitsa mawu, ndipo ine ndinasuntha kuti ndisamve, pakuti zinali zanu awiri. Nditacheuka ndinaona atayala mpango wawo woyera pansi, akutapa dothi kumutu kwanu ndi manja onse awiri. Anamanga mfundo ndi mano. Podzuka anati, "Kauze mmisiri amange. Amange cholimba."

Ndiye ndikuuzeni poyera, Amayi, musamve kwa ena. Ulendo uja palibe. Simukupita ku Dedza. Chiliza tamanga, Yohane anabwera ndi mkazi wake kudzathandiza kutunga madzi, ndipo mvula yoyamba inapeza simenti itauma. Palembedwa dzina lanu, ndipo pansi pake Ababa analamula kuti alembe dzina la mudzi wanu, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti munali ndi kwanu. Palibe adzakukhudzeni tsopano. Ndimayenera kukondwa, ndipo ndakondwa, koma tsiku limene ankathira simenti ndinamva ngati tikukuikani kachiwiri. Ndakusowani, Amayi. Ndikufuna mukadabwera ngakhale kudzandikalipira kuti ndakuikani cholemera pachifuwa.

Ababa chibwerereni kumanda kuja sanatchulenso za kumudzi. Akudya pang'ono, akugona masana, ndipo akamunyamula Elube wamng'ono amamuimbira nyimbo zimene sindinazimvepo. Dzulo m'mawa ndikusesa anandiitana kuchipinda kwawo. Anatulutsa mpango uja pansi pa pilo n'kuuika m'manja mwanga, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

Anati, "Ine basi inandisiya. Iwe miyendo ukadali nayo. Ukafika ukafunse pamene pagona amayi awo, ukathire pomwepo. Ukanene kuti ndachedwa, koma ndabweza."

Njira sindikuidziwa, Amayi. Malire sindinadutsepo, ndipo Chichewa changa chosakaniza ndi Chishonachi mwina akachiseka kumeneko. Aseke. Mvula ikatha ndidzakwera, ndidzafunsa munthu ndi munthu mpaka ndipeze mudziwo. Ndikukulonjezani ndi mtima wanga wonse. Inu gonani pomwepo ndi anzanu, kagawo kanu aka ndi kamene kapite, ndipo n'kopepuka, ndikanyamula ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Edina