Fosholo ya Siliva ya Jabez

Melbourne, 16 Januwale 1888

Okondedwa achemwali Kezia,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Redruth kuko? Nanga chifuwa cha amayi chikutani ndi chisanu chimenecho? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

M'kalata yanu amayi anayamba afunsa za Jabez Polglase, za ine pambuyo. Auzeni kuti adakali mwini banki, ine ndidakali kalaliki wake. Munthu amene ndinamuphunzitsa kugwira piki mumgodi, lero ndimamuvulira chipewa! Kutchalitchi nako ali pampando wakutsogolo, ine ndimapemphera ndikuyang'ana nkhongo yake.

Lachinayi anatsegulira ntchito ya njanji yatsopano imene banki yake yaikapo ndalama. Mwambo wake, mkulu amakumba dothi loyamba ndi fosholo ya siliva. Koma siliva ndi yofewa, ndiye dzulo lake amafewetseratu nthaka n'kuthirapo madzi. Jabez anandituma ndikauze Dinny Mulqueen, nkhalamba yoyang'anira malowo. Achemwali, sindinamuuze. Sindinaiwale ayi.

Januwale kuno n'chilimwe, nthaka ili gwa. Fosholo inapindika pamaso pa ogula masheya onse, wina n'kukuwa kuti bwana ayese supuni. Ndinasekera mumtima, Mulungu andikhululukire. Koma Jabez anangovula jekete, kulavulira m'manja, kutenga piki, n'kukumba ngati tili kwathu. Anthu m'manja phwaphwaphwa, masheya onse n'kugulidwa tsiku lomwelo. Ngakhale choipa changa chinamupindulira!

Atandifunsa ndinati uthenga ndinapereka, ndiye amene wachotsedwa ntchito ndi Dinny. Loweruka ndinamupeza pachipata cha banki. Anandivulira chipewa n'kunena monyodola kuti, "Mwadzuka bwanji, abusa? Zidzukulu zanga lero zidya njanji." Dzulo chikho cha Mgonero chitandifika ndinangochipatsira mnzanga, osamwa.

Mawa ndikaulula zonse kwa Jabez, kuti Dinny abwerere pantchito. Mwina andichotsa. Koma ndisakubisireni, chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti angandikhululukire akuseka, ine n'kumuda koposa.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi muwawerengere amayi yonse, osadumpha mzere pofuna kundikometsa. Ndalama zimene ndimatumiza pa Pasaka zikapanda kufika adziwe chifukwa chake. Mwina ulendo uno ayamba afunsa za ine.

Moni kwa alamu anga, amalume ndi ana onse. Musaleke kundipempherera.

Ndine mlongo wanu wochimwa,
Silas Trembath