Mnyamata wa ku Leicester wati iwe kwa a Bapu

Lolemba, 9 Febuluwale
Abwera! A Bhua, mlongo wawo wa a Bapu, bambo anga, ndi mnyamata amamunena uja, Daljit wa ku Leicester, ku Mangalande. Kudzandiona ine. Wamtali. Nduwira yopendekeka ngati wamanga akuthamanga. Ine ndi thireyi ya tiyi, makapu gwedegwede. Chipanjabi chake cha mwana wa mkaka. Walawa ndiwo za mpiru za a Biji, amayi anga, akuti "not bad". Ndakawatanthauzira kukhitchini kuti akuti sizoipa. A Biji: "Sizoipa? Ine kutakasa kuyambira m'mamawa!" Koma maso akewo, mayo ine.

Lachitatu, 11 Febuluwale
Ndafunsa aphunzitsi ku koleji. Akuti Mngelezi akati not bad ndiye kuti zakoma zedi, kungoti kuyamikira kumamuwawa pakamwa. A Biji akhululuka theka. Masana kumsika tonse awiri, a Bhua pambuyo ngati wapolisi. Pogula jalebi, zokazinga zoviika m'shuga, wandinong'oneza: "I am mad about you." Kufika kunyumba, liwiro ku dikishonale. Mad: wamisala, kapena wokwiya. Wandikwiyira? Ndamupengetsa? Ndasankha misala. Ndaseka ndekha m'khola mpaka njati yathu yamkaka yasiya kudya.

Lachisanu, 13 Febuluwale
Zaonongeka. Chakudya chamasana, abale onse alipo. Daljit kutembenukira kwa a Bapu, kumwetulira konse: "Tu kiddan?" Iwe uli bwanji! Tu, kwa munthu wa ndevu zoyera mbee! A Bapu kuika chapati pansi, kusamba m'manja, ulendo kumunda wa tirigu. Pakhomo anangoti: "Mwana wanga sakakhala m'nyumba yosadziwa inu." A Bhua ayamba kale kumutchulira Daljit mtsikana wina wa ku Phagwara, wa digiri. Chonsecho ndinagula kale nsalu yapinki ya ukwati, ndalama zanga zonse za ntchito yosoka zinathera pomwepo. Sindinadye.

Lamlungu, 15 Febuluwale
Takumana ndi Daljit ku gurdwara, kachisi wathu, povulira nsapato. Nkhope yagwa, sakudziwa n'komwe chimene analakwa. Akuti Chingelezi chili ndi you mmodzi basi, wa mfumukazi yemweyo, wa galu yemweyo. Kwawo amayi ake amamuti tu, iye n'kubweza tu, palibe anamudzudzulapo. Ndamuphunzitsa pomwepo: kwa akulu ndi tusi, n'kuikapo ji kumapeto. Wabwereza ngati mwana wa sukulu, khutu lofiira. Kenako: "Nanga iweyo ndizikuti tu kapena tusi?" Ndati tiona khalidwe. Ndathawa nsapato imodzi ili m'manja!

Lachinayi, 19 Febuluwale
Masiku onsewa duu, ndimati basi wapita ku Phagwara. Lero uyo pa njinga yobwereka! Watsatira a Bapu kumunda, nsapato zoyera zija thibu m'matope a ngalande. Ine ndikusuzumira kuseri kwa nzimbe. Wawagwira mapazi mwa ulemu wa kwathu, tusi ji, tusi ji. Mnyamata wothirira, tusi ji. Thirakitala itakana kulira, nayonso tusi ji. A Bapu amayesa kulimba, ndevu zikunjenjemera, mapeto ake aphulika kuseka mpaka kukhala pansi. "Chitsiru, koma chitsiru chaulemu." AVOMERA! Ukwati Novembala. A Biji agawa laddu, maswiti a chikondwerero, msewu wonse. Ndavina padenga, zovala zoyanika zonse pansi. Navkiran wa ku Leicester. Ine!

Loweruka, 21 Febuluwale
Daljit ananyamuka dzulo. Lero m'mawa a Bapu akukama njati, osandiyang'ana: "Mwanangu, peke pa Chingelezi amati chiyani?" Peke, kwawo kwa mkazi wokwatiwa, kumene anabadwira, kumene amathawira zikamukulira. Ndatsegula dikishonale uku ndi uku. Mawu akeake palibe, amangoti nyumba ya makolo. Ndawauza. Iwo kupitiriza kukama. "Ndiye ukadzapukwa kumeneko, udzawauza kuti wasowa chiyani?" Mkaka tyo tyo m'ndowa. Ndinali nayo nthabwala yowaseketsa, inali pakamwa penipeni, koma ndinangokhala pansi pambali pawo n'kuwagwirira ndowa.