Tikufuna Wofanana ndi Sellah

Kaluluma, Kasungu
Mwezi wa Epulo

Okondedwa achimwene a Fredson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Olive ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuzizira kwa ku Joni kwayandikira, muzivala zotentha. Kuno tadzuka. Amayi miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Bambo a ana, a Hector, ali pakalikiliki ndi fodya, ndipo ndikuona kuti ntchitoyo ndi imene ikuwagwira kuti asagwe.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumafulumira kutsanzika nkhaniyi ikangoyamba, ndipo nanenso mawu amandithera. Ndapatsira a Raymond oyendetsa basi aja. Chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Foni ya adokotala a ku Lilongwe inandipeza m'chigafa Loweruka lina, ndikuthandiza akazi a matenanti kusoka fodya. Manja anali bii ndi utomoni, moti ndinayankha ndi kachala kakang'ono. Apo n'kuti mwezi usanathe chiikireni mwana wanga Chance m'manda, ndiye ndinkayesa akufuna kupepesa maliro.

Mukumbukira kuti Chance atadwala anatiuza kuti mafupa ake asiya kupanga magazi, ndipo chomuchiritsa n'kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina wofanana naye. Woyamba kuyezedwa anali mlongo wake Sellah, poti ndi a bere limodzi. Magazi ake anawatumiza kunja, ife n'kumadikira. Chance anatisiya zotsatira zisanabwere.

Tsikulo adokotala anati zabwera, ndipo Sellah anafanana naye ndendende. Ndisanapume n'komwe anati pali china. Matenda amene anatenga Chance ndi obadwa nawo, ndipo Sellah ali nawonso. Magazi ake ayamba kale kutsika.

Ndinawathokoza, achimwene. Ndinati zikomo adokotala, ngati andiuza tsiku la msonkhano wa aphunzitsi. Kenaka ndinapitiriza kusoka mpaka mayi wina anandilanda masamba m'manja, ati ndikuwang'amba.

Miyezi yonse imene tinkadikira ija, Sellah ankadya bonongwe ndi nyemba, zinthu zimene amadana nazo, ati mafupa ake anenepe kuti achimwene ake akapezemo zambiri. Atamva kuti adokotala anaimba, anandifunsa ngati anakhoza mayesowo. Ndinamuuza kuti eya, anafanana. Anati ndiye Chance akanangodikira pang'ono, vuto lake ndi lofulumira, ngakhale popita kusukulu ankamusiya m'mbuyo. Zinazo sindinamuuze. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindinapezebe mawu ake.

Tsopano amene akufunika wofanana naye ndi iyeyo, ndipo mbale wake mmodzi yekhayo wapita. Ine ndi bambo ake timafanana naye theka chabe. Adokotala anati chatsala n'kufunafuna kwa anthu achilendo.

Ndawerenga zonse zimene ndinatha kupeza, timapepala ta kuchipatala ndi za pafoni zomwe, mpaka maso kuwawa. M'mayiko ena, kuphatikizapo kumene muliko, kuli kaundula wa anthu odzipereka. Munthu amapaka kathonje m'kati mwa tsaya, akatswiri n'kuyeza, dzina lake n'kusungidwa. Akapezeka wodwala wofanana naye, amamuitana. Koma kufanana kumeneku kumatsata mtundu wa makolo, ndipo anthu a magazi athu m'kaundulamo ndi ochepa kwambiri. Anamufufuzira kale Sellah, sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Nditafunsa kolembetsera kuno kwathu, adokotala anayang'ana pansi, nati sakudziwako.

Ndikuuzeni zimene zinachitika pamunda pano. A Hector anafotokozera matenanti athu nkhaniyi, osati kuti achitepo kanthu, koma poti ankadabwa kundiona ndikulira m'chigafa. Lolemba m'mawa tinapeza kumunda kuli zii. A Zakeyo, tenanti wathu wa ku Phalombe uja, anasonkhanitsa anzawo ndi akazi awo, onse n'kukwera matola kupita kuchipatala cha ku boma osatiuza. Inu munakulira m'fodya, mukudziwa tanthauzo lake kusiya masamba okhwima m'munda nyengo ino.

Iwo ankayesa zili ngati kupereka magazi, monga ankachitira nthawi ya Chance. Anadya kwambiri m'mawa kuti asakachite chizungulire, anavala zovala za kutchalitchi, n'kukakhala pamzere atapinda malaya. Namwino anayesetsa kuwafotokozera kuti pamenepo satenga mafuta a m'mafupa, koma a Zakeyo anakana. Akuti anakwinya buluku n'kuonetsa mwendo, ati atenge apo, ndi pamene pali ponona. Akazi awo anawadula pakamwa, ati mafupa a bambo amenewa muli kachasu yekhayekha, mwana angaledzere nawo. Mzere wonse unaseka, namwino yemwe. Kenaka namwinoyo anawauzanso mofatsa kuti palibe chimene angachite.

Ena anapereka magazi kuti ulendo usapite pachabe. Atabwerako, a Zakeyo anaima pakhomo panga chipewa chili m'manja, n'kupepesa ngati aswa chinthu. Anati pepani amayi aphunzitsi, atibweza ndi mafupa athu. Masamba ena anapsa m'munda tsiku limenelo. A Hector anangolowa m'nyumba.

Ndi chifukwa chake ndikulembera inu. Kuno kuli anthu ofuna koma khomo palibe. Kumeneko khomo lilipo.

Ndinamva zimene munanena pafoni, kuti mapepala anu anatha, ndipo kulembetsa dzina ndi kumene mumakhala kuli ngati kudziitanira apolisi. Sindikukuweruzani. Ndikudziwa kuti mantha omwewo ndi amene anakulepheretsani kubwera kumaliro, ndipo ndinakumvani mukulira pafoni pamene bokosi linkatsika. Sindingakunamizeni kuti ndikudziwa zimene amafunsa kumeneko. Mwina popanda chiphaso akakubwezani inunso. Koma alamu a Olive mapepala awo ali bwino. Apite iwo poyamba, akafunse zonse, akalembetse ngati angalole, kenaka mudzaone chochita.

Munatinso anzanu amanena kuti madokotala amaboola msana, ndipo mwamuna amatsala wopanda mphamvu m'nyumba. Pepani kuti mlongo wanu ndikutchula zoterezi, koma si zoona. Kawirikawiri amatengera pamkono, magazi n'kudutsa m'makina n'kubwereranso m'thupi. Nthawi zina amatenga pafupa la m'chiuno munthu atamugonetsa. Zimene atengazo zimabwereramo zokha, ngati mmene fodya amaphukira ukamudula nsonga.

Pali bungwe lanu lija la a Malawi limene mumakumana pakutha pa mwezi. Ndimalilemekeza kwambiri. Mnzanu akamwalira kumeneko simumusiya, mumayesetsa mpaka thupi lake lidutse pa Mwanza, likagone kwawo. Nthawi ya Chance munatigwira dzanja ngakhale ambiri mwa iwo sanamuonepo. Ndikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu muimirire, munene za mwana amene akadali moyo. Muli a ku Kasungu, a ku Dowa, a ku Mzimba, anthu a magazi athu enieni. Amene mapepala awo ali bwino ayambe ndi iwo. Mukafuna, muwawerengere za a Zakeyo.

Sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chimene ine ndilibe. Mwayi woti malume afanane ndi mwana wa mlongo wake ndi wochepa. Mwayi woti mmodzi wa anzanuwo afanane naye ndi wochepa koposa. Ngakhale atapezeka, chithandizochi amachitira kunja, ndipo oyembekezera kutumizidwa kunja ndi ambiri. Mwinanso dzina lanu lidzafanana ndi mwana wa munthu wina, wa ku Zambia kapena ku Mozambique, amene mayi ake sindidzawadziwa. Zikadzatero mudzapite ndithu, ndipo mudzandiuze.

Amayi akuti ndikukumbutseni kuti mwinimbumba ndinu, ndipo mwana wa mlongo wanu ndi wanu. Ine ndinawauza kuti simunaiwale. Sindikulemba ngati wokulamulani, achimwene. Ndayang'ana mbali zonse, ndipo ndinu nokha amene muli pafupi ndi khomo limenelo.

Dzulo Sellah anandimva ndikuyankhula ndi bambo ake za anthu a ku Joni. Anafunsa ngati munthu akalandira mafuta a Mzulu amayamba kuyankhula Chizulu. Ndinati ayi. Anati zachisoni, akanakonda kudabwitsa anzake kusukulu. Kenaka anafunsa kuti akudwalanso ndani. Ndinati tikambirana Lamulungu tikabwera kutchalitchi. Mutipempherere pa tsiku limenelo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Olive, ndipo muwauze kuti ndikuwapempha ndi manja awiri. Moni kwa Ian ndi Diana, alimbikire sukulu. Moninso kwa onse a m'bungwe, ngakhale amene adzakane. Amayi ndi a Hector akupereka moni wambiri. Mulungu akusungeni m'dziko la eni, akubiseni kwa ofuna kukuvutani, ndipo akulimbitseni mtima.

Yankho mupatsire a Raymond omwewo, kapena mungoimba, ndidzamvetsera osakudulani. Kuno tatsala ndi mwana mmodzi. Lachinayi ndikupita naye ku Lilongwe kukamuwonjezera magazi koyamba.

Ndine mlongo wanu,
Dyna