Buku Lodziwa Abale a Mawu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kopanda mvula ya Mzuzu? Akulemba ndi Tamala, mdzukulu wanu. Ine ndikungolankhula, mukudziwa pensulo sinandizolowere.

Ndinu munayamba kundiuza kuti mlendo usamufunse dzina lokha, umufunsenso abale ake. Sabata ino mawu amenewo andigwirira ntchito.

Koma ndiyambe ndi za pakhomo. Tamala ali ndi mwana wamkazi, makutu ndi anu enieni. Chinangwa cha ku Mzilawaingwe chachita chomene, nyemba zokha ndiye zaola. Bambo a Tamala anabwerako kuja anawatengera, kuja sitikutchula. Anabwera ndi thupi lokha, Amayi. Munthu uja ankadzaza ofesi ndi nthabwala amangokhala pakhonde kuno ku Chibanja, osayankha ngakhale moni. Ndinaopa kuti ndiwaika ali duu chomwecho.

Mnzawo wina amawasiyira nyuzipepala zakale za Chingerezi. Kumbuyo kwake kuli timabokosi todzazamo mawu. Tamala atandimasulira funso limodzi ndinaseka: izi ndi zilape basi! Amatchula china, akubisa china. Pamenepo pokha ndi pamene ndimaona milomo ya bambo a Tamala ikugwedezeka, koma amakakamira, n'kuponya pensulo. Mabuku awo onse anapita tsiku lomwe anawatenga.

Ndinati ndiwagulira dikishonale. Ulendo woyamba ndinasankha ngati dzungu: lolemera, lokongola, la zithunzi za njovu ndi sitima. Kani linali la ana a sukulu! Analiyang'ana kamodzi, n'kuikapo wailesi.

Sindinagonje. Ndinakhala pambali pawo kusenda chinangwa, khutu lili tcheru. Ndinamva kuti safuna kuuzidwa tanthauzo, mawuwo amawadziwa kale. Amasaka mawu ena ofanana nawo, okwana m'timabokosi.

Dzana ndinamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, poti popanda ilo suyenda masiku ano, ndinabwerera kusitolo. Ndinamuuza wogulitsa kuti, iwe mwanawe, tsegula mabuku onse, undiwerengere mawu amodzi omwewo, ine ndimvere. Loyamba linalongosola ngati mlaliki. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, lakuda, lopanda chithunzi n'chimodzi chomwe, linangoyamba kutchula mayina motsatizana, ngati inu mukuwerenga abale a ku Nkhata Bay pa maliro. Ndinati yewo, ndi lomwelo, limadziwa abale.

Ndinaliika pampando wawo. Tsiku lonse sanalikhudze.

Dzulo m'mawa ndikusesa, ndinamva mapepala akutembenuzika. Kenaka mawu amene ndinawaiwala kamvekedwe kake anatuluka pakhonde, kundiitana dzina langa la paubwana, kufunsa kuti mpeni uli kuti, pensulo yabuntha. Tsache linandigwa m'manja.

Akuti likufunikanso lina la mayina a mitsinje ndi mizinda. Ndikalisaka, Amayi, ngakhale kukhale ku Zomba. Munthuyu sindimubweza kuchete kuja, ndikulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esitere