Laimoni Waimbanso M'kalasi ya Chijapani

Okondedwa achemwali a Tryness,

Muli bwanji ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu? Kuno ku Ligowe tili bwino, ndipo mwendo wa amayi unasiya kupweteka.

Achemwali, ndikuphunzira Chijapani, ine amene ndinalekera Sitandade 7! Kuchipatala kunabwera mayi wa ku Japan, a Haruka, ndipo amatiphunzitsa pamodzi ndi anamwino Lachisanu masana. Anamwino akasowa mawu amathawira ku Chizungu, enafe ku Chichewa. Ndiye a Haruka anaika lamulo lakuti pa nthawi yoyeserera kucheza, wosakaniza zilankhulo aziimirira n'kuimba nyimbo. Mukundidziwa, ine ndikhoza kukomoka.

Koma pali mnyamata wina wokonza njinga, Laimoni. Ndikasokonezeka amandinong'oneza m'Chichewa, amamugwira, basi waimirira. Mawu akewo ndi oipa, anthu amaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti, "Siyani, mukunyozeka chifukwa cha ine." Anangoti, "Musadandaule, nyimbo ndili nazo zambiri."

Dzulo pondiperekeza sanasakanize chilichonse. Anandifunsa m'Chichewa chomveka bwino kumene amakhala amalume athu. Amayi sindinawauze. Kodi simungabwere mwezi uno, achemwali?

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Mailesi